Ntchito Yodzithira Khofi

4 Malichi

Aphunzitsi anga,

Moni wochokera kuno kwa eni. Ine ndili bwino, kungoti msana wayamba kundiyankha ndikamadzuka pa matiresi. Ndikhulupirira kuti inu, atsikana athu awiriwo ndi bambo anga mukudzuka bwino. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja pamodzi ndi envelopu inayo. Pafoni sindingamasuke: m'chipinda muno timagonamo anthu anayi, ndipo aliyense makutu ake ndi amoyo.

Ndapeza ntchito. Musanathamange kukauza anzanu kusukulu, khalani kaye pansi.

Kuno kuli kampani yopanga mankhwala ochotsa madontho pa zovala. Ndi kabotolo kopopera, dzina lake Zwipo. Eni ake sakukhutira ndi kugulitsa mabotolo. Akufuna dzinalo lilowe m'kamwa mwa anthu, lisanduke mneni wa Chingerezi, monga tonse timanenera kuti ndigugule tikafuna kufufuza chinthu pa intaneti. Munthu akadontheza msuzi pa malaya asamati ndikachapa, aziti "I'll zwipo it." Bwana wanga akagona amalota zimenezo.

Bwanayo amamwetulira ngakhale pokuuza kuti wachedwa, ndiye timamutcha Bwana Mano. Ataona mapepala anga anati, "Digiri ya Chingerezi! Ndiye kuti mneni mumamudziwa?" Ndinati bwana, aneni ndawaphunzitsa ku sekondale zaka zisanu ndi zinayi, ena mpaka anakwatiwa. Iye anati, "Zabwino kwambiri. Malaya mumavala sayizi yanji?"

Ntchito yake ndi iyi. M'mawa ndimavala malaya oyera, kapu ya khofi wozizira m'manja, n'kukwera basi kapena kukaima pamzere ku banki. Anthu akadzaza, ndimadzithira khofiyo pachifuwa. Mnzanga wapantchito amakuwa ngati kwagwa maliro. Ine ndimatulutsa kabotolo m'thumba n'kunena mawu aja mokweza, kuti ngakhale wakumbuyo amve. Ndimapopera, dontho limachoka, anthu amadabwa, timatsika, ndimakasintha malaya m'chimbudzi cha pasiteshoni. Kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Timasewero take ndimalemba ndine, poti ndine wophunzira.

Musaseke kwambiri. Chikalata changa chokhalira kuno chitha pa 30 Seputembala. Bwana Mano walonjeza kuti mawuwa akagwira, adzandilembera kalata yoti a zolowa ndi kutuluka andiwonjezere chaka. Popanda kalatayo ndiye kuti basi yobwerera, kapena moyo wothawa yunifolomu iliyonse, ngakhale ya mlonda wa pasitolo.

Pa zili mu envelopu, yambani ndi mankhwala a maso a bambo. Mabuku anga muwachotse pakhoma paja, chiswe chisamalize digiri yachiwiri. Bambo akafunsa za ntchito, muwauze kuti ndili ku dipatimenti ya zilankhulo. Si bodza kwenikweni.

Ndine wanu, wonunkha khofi.


19 Epulo

Aphunzitsi,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti maso a bambo asiya kutuluka misozi, ndi kuti wamkuluyo wakhoza masamu. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndaiwerenga nditaimirira ngati mwana wolakwa. Adalaivala aja sananame. Anandionadi pasiteshoni ndi mayi wina atandikolowola mkono, akunditcha dalingi. Chimene ndikuwadandaulira n'choti maso awo amaona patali chonchi, koma maenje a mumsewu sawaona.

Mnzanga wapantchito uja ndi mayi. Ndinalemba kuti mnzanga chifukwa Chichewa chathu n'chachifundo, sichiulula. M'sewero ndi mkazi wanga, poti Bwana Mano akuti anthu amakhulupirira banja kusiyana ndi munthu woyenda yekha. Ine ndimawatcha mkazi waganyu. Ndi nzika ya konkuno, ali ndi zidzukulu zitatu ndi mawondo otupa. Akamandigwira mkono si chikondi, n'kuopa kugwa basi ikamakhota. Tikangotsika amandisiya n'kunena kuti, "Iwe dalingi, leka kuthira khofi yense, ukundinyowetsa nsapato." Ndilo banja lathu lonse. Ngati n'kupikisana, inu muli patsogolo ndi mtunda wautali.

Ntchito ikuyenda mwa apo ndi apo. Lolemba tinakhala pamsonkhano maola atatu kukambirana momwe mneniyu azinenedwera ngati chinthucho chinachitika dzulo. Anthu asanu ndi awiri, matayi m'khosi, bolodi lodzaza. Nditapereka maganizo anga anandiombera m'manja, kenaka anandituma kukatenga malaya ku dobi.

Vuto lina n'loti mabasi ndi omwewo. Lachinayi kondakitala wina anandiima kutsogolo n'kunena, "Bambo inu, kachitatu aka mukudzithira khofi m'basi mwanga. Manja amenewo kaonetseni kuchipatala. Ndipo inu mayi, mwamuna wotere mukumusungiranji?" Mkazi waganyu anangoti, "Ndinalumbira, mwanawe." Basi yonse inaseka, koma potsika ndinamva wina akuyeserera mawu aja chapansipansi.

Kuno kwayamba kuzizira, ndipo malaya onyowa sacheza. Pachifuwa patuluka timatuza, mwina ndi mankhwalawa, poti amapoperedwa ndili chivalire. Si nkhani. Zinthu zakwera, thireyi ya mazira yafika pa mtengo wa nsapato, n'chifukwa chake envelopu yaonda. Za denga la khitchini dikirani kaye.

Musandikwiyire nthawi yaitali, mtunda watalika kale.

Mwamuna wanu, wa inu nokha.


2 Juni

Aphunzitsi anga okondedwa,

Moni. Zikomo pondikhululukira, ngakhale mwandikhululukira ndi inki yofiira. Timatuza tija tikuchepa. Atsikana ndi bambo muwapatse moni.

Zagwira! Lachisanu ndinali pamzere wa buledi, ndilibe khofi, ndilibe botolo, ndili ngati munthu. Kutsogolo kwanga mayi wina anali kukalipira mwamuna wake pafoni za tayi ya ukwati, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akunena kuti "just zwipo it." Mayi wosandidziwa, wosalipidwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinakuwa m'kalasi kuti ana agwire mawu anga, osagwira. Miyezi itatu yodzithira khofi, tauni yonse yakhoza mayeso.

Chinathandiza n'choti wina anatijambula m'basi n'kuponya kanemayo pa intaneti. Nkhope yanga yayenda kuposa mwini wake. Ngati yafika kumeneko, bambo muwauze kuti ndi munthu wofanana nane.

Tsopano mawuwa ayamba kuyenda okha ngati mbuzi yoduka chingwe. Pawailesi woulutsa mpira anati timu ina yazwipidwa. Mnzanga wina wa m'chipinda, wowotcherera zitsulo, akuti chibwenzi chake chamuzwipa pafoni. Apolisi akathamangitsa ogulitsa m'misewu, anthu akuti msika auzwipa. Chilichonse chimene chinalipo n'kusowa, achizwipa. Sindinawaphunzitse zimenezo, koma mwana akakula sapempha chilolezo.

Ku ofesi anachita phwando. Panali keke yooneka ngati botolo. Bwana Mano analankhula mphindi makumi anayi, anathokoza a makompyuta, a zojambula, ngakhale mkazi wake weniweni. Ife awiri tinaima pafupi ndi chitseko, mbale zapepala m'manja. Mkazi waganyu anandinong'oneza kuti, "Dalingi, tenga ziwiri, inayo ndi mendulo yako."

Anthu atachepa ndinamufikira bwana za kalata ija. Anandigwira phewa n'kunena, "Mnzanga, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Sabata yamawa." Mano onse panja. Ndawerenga masabata otsala, alipo okwanira. Komabe ndikadakonda pepala m'thumba kusiyana ndi dzanja paphewa.

Yambani kufunsa mitengo ya malata, koma musalonjeze mmisiri tsiku. Njinga yanga musabwerekenso achimwene anu, inabwera ilibe belu.

Wanu, mphunzitsi wa tauni yonse.


21 Julayi

Aphunzitsi,

Moni. Ndili moyo. Pepani kuti ndakhala chete, panalibe chabwino cholemba, ndipo choipa ndimadikira kuti chipse.

Walira mvula walira matope. Mawu aja atagwira, makampani ena atulutsa mabotolo awo otchipa, ena olembedwa pachikuto kuti ndi ozwipira zovala. Anthu akugula amenewo n'kumazwipa mosangalala, botolo lathu lili pashelefu kuchita fumbi. Ndiye kwabwera maloya. Akuti lamulo lake n'lotere: dzina la katundu likasanduka mawu a aliyense, khoti likhoza kunena kuti dzinalo lilibenso mwini, aliyense aligwiritse ntchito. Chimene Bwana Mano anachilota usana ndi usiku, kampani ina yachitengera kukhoti ngati umboni womulanda dzina.

Choncho ntchito yanga yatembenuka. Khofi analetsa. M'mawa ndimakhala m'kachipinda kopanda windo, kulembera manyuzipepala ndi mawailesi kuti chonde lekani kunena kuti "zwipo it," muzinena kuti chotsani dontho pogwiritsa ntchito mankhwala opopera a mtundu wa Zwipo. Tayesani kunena zimenezo msuzi ukutsikira m'malaya. Masana timakwera mabasi omwe aja, ine ndi mkazi waganyu, kukakonza pakamwa pa anthu. Tikamva wina wanena, ndimamugwira paphewa mwaulemu n'kumupatsa kapepala. Mayi wina anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena, "Si iwe wa pakanema uja? Unatiphunzitsa ndiwe, lero wasanduka wapolisi wa m'kamwa?" Bambo wina anangoyankha ndi chigongono. Nthiti zili bwino tsopano.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Ine mlomo ndinausiya m'basi iliyonse ya m'tauni muno.

Za kalata ija, sabata yamawa sinafikebe. Bwana Mano masiku ano amayenda atatseka pakamwa, ndazindikira kuti ali ndi milomo ngati ife tonse. Akandiona m'khonde amayankha foni yosalira.

Malata aja iwalani kaye. Nsapato za wamng'onoyo mugule zokulirapo, aziyika mapepala kutsogolo.

Wanu.


30 Ogasiti

Aphunzitsi anga,

Moni kwa nonse. Thupi lili bwino. Werengani kalatayi muli nokha.

Dzulo anatiitana ku chipinda cham'mwamba, chokhala ndi kapeti. Munali Bwana Mano ndi loya wamkazi wolankhula mofatsa ngati namwino. Patebulo panali mapepala awiri. Loyamba linali kalata yanga ija, yotayipidwa bwino, dzina langa lolembedwa molondola, kungosowa siginecha ya bwana. Ndinaiona ndi maso angawa. Lachiwiri linali loti ndikalumbire ine.

Mwachidule likunena izi: ine ndine mlendo, Chingerezi ndimachidziwa pang'ono. Kampani inandituma kuonetsa anthu mankhwala basi. Zosandutsa dzina kukhala mneni ndinayamba ndekha mwaumbuli, ndipo kampani itangomva inandiletsa.

Loya anati, "Tikungofuna khoti lione kuti kampani sinalimbikitse zimenezi. Palibe amene akukuimbani mlandu. Kulakwitsa chilankhulo cha eni si tchimo."

Ndinati, "Mayi, ndili ndi digiri ya Chingerezi. Ili mufayilo yanu."

Bwana Mano anatsegula fayiloyo n'kuitembenuza kuti ndione. Munali pepala limodzi. Anati, "Ife tinasunga sayizi ya malaya yokha."

"Nanga timasewero tija? Nanga bolodi lija?"

"Bolodi linafufutidwa, mnzanga. Ndi ntchito ya bolodi."

Mkazi waganyu naye anamupatsa lake, loti anandimva ndikupeka mawuwo. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, n'kulikankha. Anati, "Ine ndanamapo kuti uyu ndi mwamuna wanga, munandilipira, zinali zoseketsa. Koma Baibulo m'manja ayi." Anatenga chikwama chake n'kutuluka, mawondo akulira. Panja anandiuza kuti, "Usasayine, dalingi. Ndiwe munthu wophunzira." Ndinamuthokoza. Iye akakana amakwera basi n'kupita kwa zidzukulu zake. Ine ndikakana ndimakwera basi ya masiku awiri.

Loya akuti pepala langa lokha likwanira. Mapepala awiriwo amayenda limodzi ngati ng'ombe za pangolo: ndikasayina ili, bwana asayina ilo. Andipatsa mpaka pa 20 Seputembala.

Sindikukufunsani chochita. Ndikungofuna kuti wina padziko pano adziwe kuti bolodi lija linalipo.

Ndine wanu.


14 Seputembala

Aphunzitsi,

Moni. Ndamva kuti wamng'onoyo anadwala malungo ndipo mwandiuza atachira. Nanunso mwaphunzira kudikira kuti choipa chipse.

Yankho lanu ndi lalifupi ngati lamulo la pakhoma la kalasi: bwerani kunyumba. Mwati munakwatiwa ndi mphunzitsi, osati mboni yonama. Mwati sekondale yapafupi ija ikusowa wa Chingerezi. Ndaliwerenga kasanu. Palibe pamene mwalakwitsa.

Koma sekondale imeneyo ndi yomwe ndinaisiya, ndipo mukukumbukira chifukwa chake. Mukukumbukira chaka chimene wamkuluyo anakhala pakhomo teremu yathunthu posowa fizi, ine ndikuphunzitsa ana a eni ndakatulo. Chaka chamawa alemba mayeso otsiriza. Maso a bambo sadikira ulemu wanga. Ulemu ndi wabwino, koma sindinaonepo wa golosale akuupima pasikelo.

Palinso njira yachitatu, yongokhala popanda pepala. Wowotcherera zitsulo uja anaiyesa. Lachiwiri anapita kukagula sopo, sanabwerenso. Nsapato zake zantchito zikadali pansi pa bedi, ndipo palibe amene wazigwira. Tsopano timagona atatu, mpweya wachuluka.

Ndayesa kufunsa ntchito kwina. Kulikonse amandizindikira, amaseka, amandipempha kuti tijambulitse limodzi, kenaka amati malo kulibe.

Sindinasankhebe. Kapena ndasankha, koma ndikuchita manyazi kudziuza. Musauze bambo kalikonse. Anagulitsa ng'ombe zawo zonse kuti ndidziwe Chingerezi chimenechi.

Wanu, ngati mukundifunabe.


9 Okutobala

Aphunzitsi anga,

Moni. Adalaivala abwera kawiri opanda kalata yanu. Ndawafunsa za inu, akuti munawapatsa moni bwinobwino pamsika, ndipo atsikana akuoneka athanzi. Zikomo.

Ndinasayina. Chikalata chatuluka, chidindo chake chofiirira, chaka chimodzi.

Ndikuuzeni momwe zinayendera, poti simudzandifunsa. Munthu wosadziwa Chingerezi salumbira yekha, amafunika womasulira. Anandipezera wakwathu, bambo wachikulire wa jekete lalikulu, amene masiku ena amayendetsa takisi. Anandigwira dzanja n'kunena, "Musaope achimwene, ndilipo ine. Inu muzingoyankha m'Chichewa." Wolumbiritsa ankafunsa, ine n'kumva zonse, n'kudikira ngati chitsa kuti andimasulire. Ndikayankha, bamboyo ankatenga mawu anga n'kuwathyola miyendo ndikuona. Lilime linkandiyabwa kuti ndimukonze. Ndinaliluma. Wolumbiritsa anandiyang'ana mwachisoni n'kundifunsa, pang'onopang'ono ndi manja omwe, ngati ndamvetsa. Ndinadikira kumasulira, kenaka ndinagwedeza mutu.

Mlandu wa kampani ukadali kukhoti, ndipo akuti maloya a mbali inayo akhoza kutumiza anthu kudzandimvetsera. Kunama polumbira ndi ndende. Choncho loya wathu wandilangiza kuti mpaka mlandu utatha, Chingerezi changa chikhale chofanana ndi cha papepala lija. Andisamutsira kosungira katundu. Ndimanyamula makatoni kuchokera pa lole kupita pashelefu. Kapitawo amandilankhula mokuwa, akuloza ndi chala: katoni, uko, fulumira. Ine ndimati yesi bwana. Nyuzipepala ndimawerengera m'chimbudzi. Mkazi waganyu ndinakumana naye pasiteshoni, anandifunsa za moyo, ndinayang'ana uku ndi uku ndisanayankhe. Anangondisisita mkono n'kukwera basi yake.

Kuti zioneke bwino, kampani yandilembetsa sukulu ya Chingerezi ya Loweruka, m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi china. Wophunzitsa ndi womasulira uja. Tilipo khumi ndi awiri pa mipando ya ana. Sabata yatha tinaphunzira kupereka moni ndi kutchula ziwalo za thupi. Ndimayesetsa kulakwitsa kawiri pa tsamba lililonse. Potuluka anandiitanira pambali n'kunena, "Achimwene, inu mutu muli nawo. Mukanapita kusukulu mukanafika patali."

Ndinamuthokoza m'Chichewa.

Envelopu ya ulendo uno yanenepako. Lipirani za mayeso a wamkuluyo, zotsalazo itanani mmisiri ayambe denga mvula isanagwe. Munati ndibwere, sindinabwere. Ndikanati chaka chimodzi chokha, koma mawu amenewo munawamvapo kale pakamwa pomwepa.

Mukafuna kundikalipira, kalipani, ndimva. Chokhacho musandiyamikire. Ndipo lembani, chonde, ngakhale mizere iwiri. Kuno anthu onse amandilankhula pang'onopang'ono.

Ndine mwamuna wanu.